Ameja Alemba Kalata Ali M'manda

Mwambo wokumbukira Ameja anaukonzera ku kalabu ya tenisi, ndipo anachita bwino, chifukwa kumeneko n'kumene malemuwo ankapezeka ali moyo. Akanaukonzera ku ofesi ya kampani yawo yosindikiza mabuku, mzimu wawo ukanachita kufunsa njira.

Akalembera anafika dzuwa lili paliwombo ndi makatoni awiri a mabuku, n'kuwayala patebulo la pakhomo monga anawauzira. Anali atagwira ntchito kwa Ameja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, m'zipinda ziwiri za pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali. Olemba mabuku ankangowadziwa ngati mayi uja wa pakompyuta amene amati, "Abwana atuluka, siyani pompano." Dzina lawo lenileni panalibe analifunsapo.

Kutsogolo kwa holo anaimika zithunzi zitatu zikuluzikulu. China Ameja atavala yunifolomu, chibwano m'mwamba. China atavala kabudula woyera, raketi m'manja. Chachitatu atakhala pa desiki ndi cholembera chofiira, atakwinya nkhope pa pepala. Akalembera ankalikumbukira tsiku la chithunzi chachitatucho. Pepalalo linali ndandanda ya masewero a Loweruka.

Umejawo nawonso anaupeza atatuluka kale usilikali. Kumeneko anathera pa usajeni, m'nyumba yosungiramo katundu, akulimbana ndi mabulangete ndi majombo. Anawakweza udindo ndi anzawo a tenisi tsiku lina atakhuta mowa, ndipo iwo sanali munthu wokana mphatso.

Ntchito ku ofesi inkayenda chonchi. Lolemba lililonse m'mawa Ameja ankakwera masitepe akuimba mluzu, n'kutenga mapepala makumi awiri a kampani opanda kanthu, n'kuwasaina onse m'munsi, siginecha yake yokhota ngati chikwapu. Akatero ankayang'ana wotchi n'kunena kuti ali ndi msonkhano. Msonkhanowo unkafuna raketi. Zotsalazo zinali za Akalembera: kuwerenga zimene olemba atumiza, kuzikhwatcha ndi inki yofiira, kusankha zoyenera kukhala buku ndi zoyenera kukulungira misomali pansipo, kenako kulemba kalata yoyankha. Kalatayo inkayenera kuthera ndendende pamwamba pa siginecha, pakuti siginecha siisuntha. N'chifukwa chake makalata a Ameja anatchuka kuti ndi afupi ndi olasa, tsamba limodzi basi, ngati lamulo la paperete. Anthu ankati ndi mwambo wa usilikali. Kunali kuchepa kwa pepala.

Tsopano Ameja anali atagona m'manda mwezi wathunthu, ndipo Lolemba likubweralo mwana wawo yekhayo ankakasaina zogulitsa kampani kwa mkulu wina wosindikiza makalendala. Mkuluyo anali kale m'holomo, pampando wachiwiri, akupukusa mutu mwachisoni uku akuyeza ndi maso kuti mashelefu achoke liti.

"Anti, tisanamizane," mwana wa Ameja anali atawauza Akalembera sabata yathayo. "Chimene olemba ankatsata kuno ndi diso la bambo. Disolo lapita. Tisunga chiyani, masitepe?"

Disolo linali litakhala patsogolo pake pomwepo, litavala magalasi omanga ndi waya. Akalembera akanatha kutsegula pakamwa. Kampani ikanapulumuka mwina, ntchito yawo ikanapulumuka, ndi mabuku asanu ndi anayi amene anali panjira. Koma anangoti, "Mwatero, Bwana," chifukwa cha kalata ina ya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.

Nthawi imeneyo mwanayu analemba buku lalitali n'kulitumiza ku kampani ya bambo ake pa dzina labodza, kuti bambowo alikonde asakudziwa mwini wake. Akalembera nawonso sanadziwe. Anayankha monga ankayankhira aliyense: "Masamba makumi asanu ndi atatu oyambawo ndi munthu akukonza kukhosi. Mukamaliza kutsokomola mutiuze." Patapita masiku atatu mwanayo anakwera masitepe n'kuiponya kalatayo pa desiki ya bambo ake. Ameja anaiwerenga, koyamba m'moyo mwawo, anasuzumira Akalembera pakhomo lotsegula, n'kunena kuti, "Ndasaina ndine." Mwanayo anasamuka pakhomo mwezi womwewo. Kuyambira pamenepo ankapatsana moni ndi bambo ake ngati anthu okumana pamzere wa kuchipatala. Analowa ntchito ku kampani ya inshulansi, komwe ankagwira anthu amene galimoto yawo yapsa Lachiwiri koma inshulansi adula Lachitatu.

Choncho kunena kuti "diso lija ndine" kunali kunenanso kuti "kalata ija ndine." Akalembera anasankha kutaya ntchito ali chete.

Woyamba kulankhula anali mkulu wa bungwe la asilikali akale, chifuwa chili ngwelengwele ndi mamendulo. Anatenga nthawi kufika pa maikolofoni, ndipo atafika anaichitira sawasha.

"Munthu uyu," anatero akuloza chithunzi cha yunifolomu, "sanabwererepo m'mbuyo!"

Akanabwerera kuti, anaganiza Akalembera, kumbuyo kwawo kunali khoma la nyumba yosungiramo katundu.

"Ife tili kutsogolo, mvula ikutikwapula, sitinagonepo ndi chisanu. Chifukwa cha ndani? Bulangete lililonse linkafika! Ndipo bala lija la pamsongolo anapita nalo m'manda osadandaula."

Anthu anaomba m'manja. Balalo Akalembera ankalidziwa bwino. Linali la chitseko cha lole. Koma za mabulangetezo zinali zoona, ndipo iwo anaombanso nawo, kawiri.

Wapampando wa kalabu anatsatira, atanyamula kachikho kasiliva kochita dzimbiri.

"Zaka makumi atatu Ameja sanaphonyepo mpikisano. Mvula, dzuwa, malungo, iwo pabwalo. Kupambana sanapambanepo, izo tisabise, akutimva. Koma ndani mwa inu anaonapo munthu woluza mokongola chonchija? Amakugwira chanza mpaka iwe wopambanawe kuchita manyazi. Ndiye chikho ichi tinachita kuwapangira chawochawo, cha kupirira. Funso langa n'lakuti: munthu wokhala kuno tsiku lonse, nthawi yowerenga mabuku onsewa ankaitenga kuti?"

"Mphatso!" anakuwa wina kumbuyo.

"Mphatso," anavomera wapampando. Anamfedwa, atakhala kutsogolo m'zakuda, anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Kenako anaimirira Aphunzitsi, bambo wopuma pantchito, wa jekete lonyezimira m'zigongono. Kasanu ndi kawiri anatumiza mabuku ku kampaniyo, kasanu ndi kawiri anabwezedwa, ndipo makalata onsewo ankawasunga m'pulasitiki ngati ziphaso. Anatulutsa envulopu m'thumba la mkati. Akalembera anaizindikira envulopuyo: inali ya ku ofesi kwawo.

"Abale anga, ine ndili ndi mawu omaliza a Ameja. Buku langa lachisanu ndi chitatu ndinalitumiza iwo ali kale m'chipatala. Ndinkati ndani aliwerenge. Koma msilikali ndi msilikali. Ali pabedi la imfa, machubu m'mphuno, anawerenga masamba mazana awiri. Tamverani."

Anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga monga ankaphunzitsira ana kuwerenga kalata, kuyambira pamwamba penipeni, osadumpha kanthu. Dzina la kampani. Bokosi la positi.

"Pa 14 Ogasiti. Okondedwa Aphunzitsi, kasanu ndi kawiri mwanditumizira ulaliki. Ulendo uno mwanditumizira anthu. Chotsani mutu womaliza: mayiyo akatseka chitseko nkhani yatha, inu musatsalire panja kumatifotokozera. Bukuli tisindikiza."

Aphunzitsi anapinda kalatayo. Azimayi awiri anayamba kufwenthera m'mipango. Mkulu wa asilikali anaimirira n'kuchitiranso sawasha chithunzi cholakwika, cha kabudula chija.

Akalembera sanayang'ane aliyense. Anakumbukira Lachinayi lija, patangopita masiku asanu chiikireni maliro. Anapita ku ofesi chifukwa kunyumba kunalibe chochita. Anapeza phukusi patebulo, analitsegula, anawerenga mpaka madzulo, anakondwa kuti nkhalambayo yaphunzira kulemba tsopano, anatsegula dirowa, anatenga pepala losainidwa kale, anatayipa, anamata sitampu. Manja anachita zimene anazolowera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mutu sunafunsidwe maganizo.

M'holo monsemo palibe anawerengera masiku, kupatula munthu mmodzi amene amadyera pomwepo. Mwana wa Ameja anayang'ana pepala la pulogalamu, pomwe pansi pa chithunzi analemba tsiku lomwalira ndi tsiku loika maliro. Kenako anatembenuza khosi pang'onopang'ono mpaka anawapeza Akalembera patebulo la pakhomo.

Pa nthawi ya zakumwa anapita kwa Aphunzitsi, anabwereka kalatayo mwaulemu, n'kubwera nayo.

"Anti, tabwerani mundithandize kunyamula kanthu."

Anawalowetsa m'kachipinda kosungiramo maukonde ndi mipira yakutha, konunkha mphira ndi thukuta lakale, n'kutseka chitseko.

"Bambo tinawaika liti?"

"Munalipo, Bwana."

"Pa 9. Kalata iyi ndi ya pa 14. Kuntchito kwathu akufa akayamba kusaina timaitana apolisi."

"Aitaneni. Abwere ndi galimoto, makatoni aja ndi olemera."

"Anti, sindikuseka. Mwabera siginecha ya munthu wakufa?"

"Siginechayo ndi yawo. Ionetsetseni, si ndinu katswiri? Anasaina ali moyo, ali ndi mphamvu, akuthamangira kubwalo lomweli. M'dirowa mwatsala ena khumi ndi anayi."

Anawafotokozera za Lolemba, za mapepala makumi awiri, za msonkhano wa raketi. Anafotokoza mosakometsera, ngati akupereka malangizo a makina. Mwanayo anakhala pa bokosi la mipira.

"Kuyambira liti?"

"Iwe uli sitandade 2. Ndinabwera kudzatayipa basi. Tsiku lina ndinalemba m'mbali mwa nkhani ya munthu kuti apa wanama, mkazi sangayankhe choncho. Bambo ako anaona, anati, tayipa zomwezo ndisaine. Mawa lake anati, bwanji ndiziyamba ndasaina, tisamatayane nthawi."

"Ndiye mabuku onse ali patebulo paja..."

"Anawanyamulako ndithu. Kupita nawo ku masitolo, kukangana ndi osindikiza, kumwa ndi ogula, kuseka ndi nduna za sukulu. Zimenezo ankazitha kuposa aliyense, ine sindikanatha ngakhale tsiku limodzi. Katundu wa bambo ako sankasowa panjira. Koma kuwerenga, ayi. Ankati zilembo zikachuluka zimawayenda m'maso ngati nyerere."

Kunja munthu anali kuyesa maikolofoni. Mwanayo anayang'ana kalata ya Aphunzitsi nthawi yaitali, ndipo Akalembera anaona pamene zinamufikira, chifukwa makutu ake anayamba kugwedera ngati mmene ankachitira ali wamng'ono akafuna kulira.

"Ndiye kalata yanga ija."

"Ine."

"Kukonza kukhosi."

"Ine."

"Kutsokomola."

"Ndati ine, usachite kundiwerengera, ndinalemba ndekha."

"Bukulo bambo anawerenga?"

Apa panali pothawira. Akanatha kunena kuti anawerenga pambuyo pake, usiku wina, n'kulira. Akufa satsutsa. Koma Akalembera anali atakhwatcha mabodza okoma ochuluka m'mabuku a anthu ena moti sakanatha kulemba lawo.

"Ayi. Ngakhale tsamba limodzi. Koma sanakusankhe iwe. Sanawerenge la munthu aliyense."

"Bwanji sananene? Ndinaima pamaso pawo ndi kalata m'manja!"

"Akanati chiyani? Mwana wanga, ine pano ndine chikwangwani? Anaona kuti bola uwade ngati nkhalamba yankhanza kusiyana n'kuti uwaseke. Ine ndinali pakhomo paja, ndinamva zonse, ndipo ndinapitiriza kutayipa chifukwa ndinali ndi ana atatu pasukulu. Usafune woyera pakati pathu, palibe."

Mwanayo anaseka, kuseka kopanda mano.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikukangana ndi munthu wolakwika. M'bafa, m'galimoto, ngakhale pamanda paja ndinali kuwayankhabe."

"Ndili pano. Yamba."

Sanayambe. Anatola mpira umodzi wakutha n'kumaufinya.

"Bukulo linali loipadi?"

"Masamba makumi asanu ndi atatu aja ndikhoza kuwakhwatchanso lero, ndi cholembera chatsopano. Unkafuna tidziwe kuti unawerenga mabuku. Koma muli mutu wachisanu, pamene mwana akudikira bambo ake pa benchi kunja kwa waya atanyamula botolo la madzi, madziwo n'kufunda, iye n'kumaopa kumwako. Umenewo sindinauiwale. M'zaka zonsezi ndawerenga mitu yoposa pamenepo mwina inayi."

"Zimenezo m'kalata munalibe."

"Munalibe."

"Chifukwa?"

"Malo anatha. Ndinayamba ndi zoipa, ndikuti zabwino ndimalizire, ndiye ndinangoona siginecha yafika. Mapepala osainidwa anali atatsala awiri sabata imeneyo, ndipo panali anthu ena awiri oti ndiwayankhe."

Mwanayo anawayang'ana ngati akuona ngozi ya galimoto imene palibe fomu yake.

"Mzere umodzi, Anti."

"Mzere umodzi. Ndikudziwa kuwerenga."

Wina anagogoda. Anali wapampando wa kalabu. "Bwana wamng'ono, anthu akudikira mawu a banja. Zakumwa zikatha simuwagwiranso amenewa."

Mwanayo anaimirira, anakonza tayi, n'kutuluka. Akalembera anatsalira pang'ono kupukuta magalasi. Anaganiza zodzera khomo lakumbuyo, koma makatoni anali awo, ndipo sanali munthu wosiyira ena makatoni. Anabwerera patebulo lawo.

Mwana wa Ameja anaima pakati pa zithunzi zitatu zija. Anathokoza asilikali, anathokoza kalabu, anathokoza mayi ake. Anati bambo ake anali munthu wodziwa kusunga katundu ndi kusunga chinsinsi, ndipo anthu anavomera ndi mitu ngati amva. Kenako anakweza kalata ya Aphunzitsi.

"Apa bambo alonjeza kuti bukuli lisindikizidwa. Siginecha ndaiona, ndi yawo. Ine sindingakanize munthu amene wavutika kulemba kalata ali mmene analirimo. Ndiye kampani sitikugulitsa chaka chino."

M'holo munaphulika m'manja. Aphunzitsi analira poyera. Mkulu wa makalendala anaomba nawo kamodzi, n'kuyamba kufufuza makiyi a galimoto m'matumba onse. Anamfedwa anatembenuka, anawapeza Akalembera ndi maso, n'kukweza nsidze imodzi yokha, pang'ono.

Anthu akubalalika, mwanayo anadutsa patebulo la mabuku ngati akufuna kugula.

"Chaka chimodzi," anatero motsitsa mawu. "Mapepala khumi ndi anayi aja muwang'ambe Lolemba, ine ndikuona. Makalata muzisaina nokha, dzina lanu. Akafuna kutukwana azitukwana inu."

"Ena achoka akamva."

"Achoke. Tidzaona ngati ankatsata diso kapena yunifolomu." Anatembenuza buku limodzi n'kuyang'ana kumbuyo kwake. "Musaganize kuti ndakukhululukirani."

"Sindinapemphe."

"Ndikudziwa. N'chimene chikundinyansa."

Anapita kukaperekeza mayi ake ku galimoto. Akalembera anayamba kulongedza. Mabuku anagulidwa atatu okha, ndipo limodzi mwa atatuwo munthu analisiya pampando.

Aphunzitsi anafika akupukuta m'maso, kalata yawo ili m'manja, chikwama cha zolemba zawo m'khwapa.

"Mayi, pepani, inu ndinu a ku ofesi kuja, eti? Mundithandize. Tsopano poti Ameja kulibe, buku langali aliyang'anira ndani? Ndikufuna munthu wodziwa."

"Ine."

Aphunzitsi anaseka mwaulemu. "Ayi, sindikunena zotayipa. Ndikunena za nzeru zake. Pali nkhani ya mutu womalizawu. Ndauganizira, ndipo ndaona kuti ukhale. Muli phunziro lonse la buku. Ameja ndikanawafotokozera maso ndi maso akanandimvetsa."

"Ameja akanakugwirani chanza n'kukuuzani kuti ali ndi msonkhano. Mwabwera nalo?"

"Lili muno, koma mayi, zimenezi n'za akuluakulu. Bola ndidikire mwana wawo uja."

Akalembera anakankhira katoni pambali ndi phazi, anakoka mpando, n'kutulutsa cholembera chofiira m'chikwama.

"Mwana wawo amadziwa za galimoto zakupsa. Khalani pansi, Aphunzitsi. Tsegulani pamene mayi uja akutseka chitseko, mundiwerengere mokweza, ndipo mukafika pamene mwayamba kulalikira muime nokha. Mukapanda kuima ndikuimitsani ine."

Aphunzitsi anayang'ana kukhomo, komwe kunalibe wowapulumutsa. Anakhala pansi, ananyowetsa chala, n'kuyamba kufunafuna tsambalo.